Tikapita Kunyanja, Mayi Asagwire Mthiko

 

Lero tipita kunyanja. Ulendo wathu ndi wa ku Senga Bay, m'boma la Salima. Nkhani imene ndanyamula ndi ya chakudya. Ndikufuna tikambirane za malo odyera a m'mphepete mwa nyanja, malo amene bambo, mayi, ana, ngakhale agogo, angakhale pa tebulo limodzi, kudya mosatekeseka, mphepo ya kunyanja ikuwaomba.

Ndiyambe ndi funso. Banja likakonza ulendo wa kunyanja, amayamba kudzuka ndani?

Yankho mukulidziwa. Ndi mayi.

Tambala woyamba asanalire, mayi ali pa mbaula. Mpunga uli pamoto. Nkhuku anaipha dzulo madzulo, tsopano akuikazinga. Mazira akuwira. Akatero alongedze mbale, masipuni, zitenje, matewera, zovala zosinthira ana. Ena onse akamadzuka ndi chimwemwe cha ulendo, iye msana wayamba kale kuwawa. Mukafika kunyanja, ana athamangira kumadzi, bambo apita kukaona anzawo, mayi atsala pamchenga kulondera zikwama. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, wogawa ndi iye. Mukatha kudya, wotolera mbale ndi iye. Madzulo mukafika kunyumba, mapoto a mafuta aja akudikira iye yemwe.

Ndiye ndikufunseni, abambo. Ulendo umenewu, mayi anapuma nthawi yanji?

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti tsiku limene anthu amakhamukira kunyanja mwaunyinji ndi la 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Tsiku limenelo msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima umadzaza ndi maminibasi, mabasi ndi malole. Tsikulo ndi la amayi. Koma mukayang'ana pamchenga, amene akugwira ntchito ndi amayi omwewo.

Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo. Tikapita kunyanja, mayi asagwire mthiko. Akhale pampando. Wina amubweretsere madzi osamba m'manja. Wina amufunse kuti, "Mayi, mudya chiyani?" Akatha kudya, adzuke, mbale azisiye pomwepo.

Tsopano tiyeni tifike ku Senga Bay.

Mukachoka mu Lilongwe m'mawa, maola ngati awiri mwafika. Mutsika zitunda, kutentha kuyamba kukulandirani, milambe iyamba kuoneka m'mbali mwa msewu. Mudutsa pa Salima, pa Kamuzu Road pamene akabaza amadzaza. Kuchoka pamenepo kwatsala makilomita pafupifupi 20. Mudutsa ogulitsa ziboliboli ndi madengu. Kenaka mwana mmodzi kumbuyo akuwa kuti, "Nyanja iyo!" Ndipo ikhaladi iyo, yobiriwira, kachilumba ka miyala kali patsogolo panu.

Njala ikayamba, mupeza kuti malo odyera ambiri ali pawiri. Kuli mahotela ndi malo ogona alendo, okongola, audzu wotchetcha bwino, koma ena mitengo yake inaikidwa poganizira mlendo wochokera kunja. Kwina kuli malo omwera mowa, kumene chiwaya chili pakhomo, nyimbo zikugunda mpaka m'chifuwa. Banja la mphunzitsi wa ku pulayimale, banja la telala, banja la mayi wogulitsa kaunjika, lilowera kuti? Kumahotela kuja thumba silifika. Kwinaku mwana sungamulowetse.

Malo apakati alipo. Si ambiri, koma alipo, ndipo ndi amene ndikuwayamikira lero. Kawirikawiri amakhala malo aang'ono. Denga laudzu, matebulo ochepa, mthunzi wa mtengo, mchenga kunsi kwa mapazi. Mwina mwini wake ndi mayi wa m'dera lomwelo, mwana wake akuthandiza kuperekera.

Nanga malo oterewa mungawadziwe bwanji? Mverani.

Musanafunse za chakudya, yang'anani madzi osamba m'manja. Pali ndowa ya kampopi? Pali sopo? Kapena akubweretserani beseni limodzi loti nonse muviikemo manja? Ngati ndi beseni lopisamo aliyense, pemphani jagi, azikuthirirani mmodzimmodzi. Musachite manyazi. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023. Anatenga miyoyo yambiri m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Kenaka tumani maso kuchimbudzi. Pitani mukaone nokha musanaitanitse kanthu. Mwini malo amene amasamala chimbudzi, khitchini yakenso amaisamala. Ndikubwereza: madzi ndi chimbudzi choyamba, chakudya pambuyo.

Mukakhutira nazo zimenezo, tcherani khutu. Kodi mukulankhulana n'kumamvana? Agogo akayankhula chapansipansi, mdzukulu akumva? Ngati mukuchita kukuwa kuti mumvane, malowo si a banja. Yang'ananinso amene akhala pa tebulo loyandikana nalo. Sindikunyoza munthu womwa mowa wake mwaulemu. Koma mwana wa zaka zisanu sayenera kudya nsima akumva mawu otukwana. Mtsikana wanu amene wangosinkhuka kumene sayenera kuyenda pakati pa anthu oledzera popita kukasamba m'manja. Eni malo anzeru amalekanitsa. Omwa mbali iyo, mabanja mbali ino.

Tsopano tikhale pansi. Sankhani tebulo limene mukakhala, maso anu aziona madzi ndi ana nthawi imodzi. Za zimenezi ndibwereranso, chifukwa ndi nkhani ya moyo.

Woperekera zakudya wafika. Apa, abale anga, safunsa anadya phula. Funsani mtengo musanaitanitse. "Achimwene, chambo ndi mpunga ndi zingati? Nanga nsombayo ndi yaikulu bwanji? Tingaione?" Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Manyazi enieni amabwera pamapeto, bilu ikafika, bambo n'kumapisa m'matumba onse ana akuyang'ana. Malo abwino amalemba mitengo pa bolodi kapena papepala, aliyense aone. Funsaninso ngati amalandira ndalama za pafoni, Airtel Money kapena Mpamba, ndipo musadalire foni yokha. Netiweki imatha kuthawa nthawi imene mukuifunitsitsa.

Ndiye tifike pamtima pa nkhani, pa nsomba.

Munthu sangapite kunyanja n'kubwerako osalawa nsomba. Ndipo dzina limene aliyense amatchula ndi chambo. Taganizani chikubwera pambale. Anaching'amba pakati, n'kuchitambasula, n'kuchithira mchere ndi ndimu. Khungu lauma bwino ndi moto, m'mphepete mwapsa pang'ono, koma mnofu wam'kati ndi woyera, ukutuluka nthunzi. Pambali pali mpunga wonunkhira, kaya wa Kilombero wochokera ku Karonga, kaya wolimidwa konkuno ku Lifuwu. Pali supu wa tomato ndi anyezi, nkhwani wotendera, ndi kambale ka tsabola wa kambuzi ka amene akufuna.

Tsopano yang'anani zimene zimachitika pa tebulo. Mayi atenga nsomba ija. Sayamba ndi kudya. Anyema kachidutswa, akafinya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kufufuza minga. Apeza kamunga kakang'ono ngati tsitsi, akaika pamphepete pa mbale. Afinyanso. Akatsimikiza, ndiye aika m'kamwa mwa mwana. Kenaka wachiwiri watsegula kale pakamwa. Kenaka wachitatu. Akamati ayambe kudya iye, mpunga wazizira, ndipo chatsala ndi mutu ndi mchira.

Abambo, ntchito yochotsa minga ilibe mwini. Zala muli nazo. Kokerani mbale ya mwana kwa inu. Nenani kuti, "Mayi, inu idyani, awa ndiwadyetsa ndine." Mawu amenewa ndi ochepa, koma mayi adzawakumbukira kuposa nsomba imene anadya. Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mwakula, mng'ono wanu mungathe kumudyetsa. Tsiku limenelo mayi adye chakudya chikadali chotentha.

Ngati ana ndi aang'ono kwambiri, funsani kampango. Kampango ali ndi mnofu wambiri, minga yake ndi yaikulu, yosavuta kuiona. Ophika ena amamudula mnofu wokhawokha. Imeneyo ndiye mbale ya mwana. Tchipisi ndi dzira nazonso zimapulumutsa, sindikana. Koma mwana wobadwira ku Kawale kapena ku Area 25, amene nyanja amangoiona pa mapu kusukulu, mulawitseni nsomba imene yavuulidwa m'mawa womwewo. Adziwe kusiyana kwake ndi youma ya kumsika.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa wina afunsa kuti, "Nanga bwanji chambo chikudula chonchi, pomwe nyanja ili pompa?"

Funsoli ndi loona. Chambo chinachepa. Akuluakulu a ku Mangochi amakumbukira nthawi imene nyanja ya Malombe inali yodzaza ndi chambo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chinali chitatsika kwambiri. Asodzi anachuluka. Maukonde a maso ang'onoang'ono anayamba kukokolola ndi ana omwe. Makoka anawononga malo oswanirana. Ndipo chambo chili ndi khalidwe lake. Chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Ukagwira chimodzi nthawi yoswana, wapha banja lonse. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa zida zina kuyambira mwezi wa Novembala, kuti nsomba ziswane.

Anthu a ku Salima nzeru imeneyi anali nayo kale. Pa chilumba cha Mbenje, pansi pa Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala, n'kudzatsegulidwa mu Epulo. Mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo ukutsatidwabe. Pachilumbapo ngakhale mowa saloleza. Nyengo yotsegulira ikafika, asodzi amapeza utaka wonona.

Izi zikutikhudza bwanji ife odya? Zikutikhudza chonchi. Akakubweretserani kachambo kakang'ono kosakwana chikhatho, kanani. Nenani mwaulemu kuti aka n'kamwana. Tikamagula, iwo azigwirabe. Komanso musaumirire chambo chokha. Kuli mcheni. Kuli utaka. Kuli usipa wauwisi, wokazinga bwino, umene ana amatola ndi zala n'kumaseka. Ngati mwagona komweko, usiku mukaona nyali zambirimbiri zitandandalika panyanja, amenewo ndi asodzi a usipa. Auzeni ana kuti zimene munadya masana zinachokera kwa anthu amenewo. Ndipo inu ophika, nenani zoona. Ngati nsombayo ndi makumba a m'damu, nenani kuti ndi makumba. Ndi nsomba yabwino, anthu adya. Chimene chimapweteka n'kulipira mtengo wa chambo pa nsomba ina.

Tibwerere ku tebulo lathu, tikambe za ndalama.

Ndikudziwa kuti wina akumvera n'kumapukusa mutu. Akuti, "Inu a pawailesi, mukudziwa mtengo wa thumba la chimanga? Mukudziwa fizi? Ife tidye kulesitilanti?" Ndakumvani, ndipo simukulakwa. Zinthu zakwera. Pali mabanja amene ngakhale ya minibasi yopitira ku Salima sangaipeze. Sindikuuza munthu kuti akatenge katapila chifukwa cha nkhomaliro imodzi. Ayi ndithu.

Ndikulankhula ndi inu amene ulendowo mwaukonza kale. Ya galimoto mwapeza. Ya zakumwa mwapeza. Werengerani nkhuku ija, mpunga, mafuta, makala, ndi tulo ta mayi timene tatayika. Mwina kusiyana kwake si kwakukulu monga mukuganizira. Ndipo kudya kumalo odyera sikutanthauza mbale imodzi munthu mmodzi. Kwathu timadyera pamodzi. Itanitsani nsomba ziwiri zazikulu, nsima yokwanira, ndiwo zamasamba, muike pakati. Ana awiri agawane mbale imodzi. Zipatso gulani panjira. Mukapita nyengo ya mango, Salima ndi kwawo kwa mango. Sungani pang'onopang'ono miyezi ingapo ulendo usanafike. Kamodzi pachaka n'kokwanira. Kamodzi kokha, mayi asagwire mthiko.

Tsopano mawu anga apite kwa inu eni malo odyera, a ku Senga Bay, a ku Cape Maclear, a ku Nkhata Bay, ndi kwina konse m'mphepete mwa nyanja.

Mlendo wakunja amabwera nyengo yake, n'kupita. Munaona nokha nthawi ya Covid, ndege zitaima, mipando inangokhala. Munaonanso mu 2024 nyanja itakwera, madzi n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo. Pa nthawi zovuta ngati zimenezo, amene angakuimikeni ndi banja la ku Lilongwe, la ku Dowa, la pa Salima pompa. Banja limeneli mukalilandira bwino, lidzabweranso chaka chamawa, ndipo lidzabwera ndi anansi.

Ndiye musamayang'ane nsapato za munthu musanamupatse moni. Zimachitika m'malo ena kuti Mmalawi wafika poyamba, wakhala, akudikira, koma mlendo wofika pambuyo ndiye athamangiridwa. Zimenezi zimawawa. Zimawawa kwambiri bambo akakhala ndi ana ake, chifukwa ana amaona. Mwana amene waona bambo ake akunyalanyazidwa m'dziko lawo lomwe, saiwala.

Zimene banja limafuna si zodula. Mbale yatheka ya mwana, pa mtengo watheka. Madzi akumwa aukhondo. Mpando umodzi wautali woti kamwana kafikire tebulo. Kangodya kobisika, kamphasa, koti mayi asinthire mwana thewera kapena kumugoneka. Thobwa lozizira, kapena madzi a malambe, pambali pa zakumwa za m'mabotolo. Ndiponso kunena zoona za nthawi. Ngati nsomba itenga ola, nenani kuti itenga ola. Munthu wamkulu amapirira njala. Mwana sapirira. Mubweretsereni kanthu kogwira m'manja, kaya nthochi, kaya mtedza, pamene mukuphika. Ndipo mwana akataya supu pa tebulo, musakwinye nkhope. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bweretsani kansalu, mumwetulire, nkhani yatha.

Nafenso odya tili ndi mbali yathu. Mtsikana amene akukuperekerani waima chiimire kuyambira m'mawa, mchenga ukutentha kumapazi. Musamuitane ndi likhweru. Musamuombere m'manja ngati mukuingitsa nkhuku. "Achemwali" ndi "zikomo" sizidula. Ngati watumikira bwino ndipo kachenji katsala, musiyireni. Ana anu akuphunzira kwa inu mmene amalankhulira ndi munthu wogwira ntchito. Mabotolo ndi mapepala apulasitiki musasiye pamchenga. Mphepo izitengera m'madzi, m'mene mukuchokera nsomba imene mwangodya.

Ndinalonjeza kuti ndibwerera ku nkhani ya madzi. Ndabwerera, ndipo apa mvetserani bwino.

Nthawi yoopsa kwambiri kunyanja ndi nthawi ya chakudya. Akulu maso ali pambale, nkhani zakoma. Mwana wakhuta msanga, watsika pampando mwakachetechete. Aliyense akuganiza kuti wina akumuona. Mwana akamamira sakuwa, abale anga. Madzi amamutseka pakamwa. Pa zikondwerero zikuluzikulu timamva uthenga wa anthu omira, ndipo mabanja amabwerera kwawo ndi maliro m'malo mwa chimwemwe. Chakudza sichiimba ng'oma.

Choncho gwirizanani musanayambe kudya. Tchulani munthu mmodzi, ndi dzina, kuti iwe ndiwe woyang'ana ana mpaka titatha. Akatopa, apatsire wina, momveka. Munthu ameneyo asakhale mayi. Asakhalenso amene wamwa. Ndikubwereza: munthu mmodzi, wotchulidwa dzina, maso pa ana. Ngati mwapita miyezi yozizira, nthawi ya mphepo ya mwera, mafunde amakula mwadzidzidzi. Funsani anthu a pamalopo kuti posambira pabwino ndi pati. Iwo nyanja amaidziwa. Ana asasewere m'madzi odikha a m'mabango ndi m'maudzu, chifukwa m'menemo mumakonda kukhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukabwerera kunyumba, mwana akayamba kudandaula pokodza kapena mukaona magazi m'mkodzo, pitani naye kuchipatala. Mankhwala ake alipo.

Kanthu kena kotsiriza ndi ka ulendo wobwerera. Nyamukani dzuwa likadalipo. Msewu wa Salima uli ndi zitunda ndi makona, ndipo madzulo mumayenda njinga ndi ziweto zambiri. Amene agwire chiwongolero asalawe mowa ngakhale pang'ono. Ngati mwachita hayala minibasi, dalaivala adye nanu pa tebulo, mumugulire nsomba ndi chakumwa chozizira, kuti muzimuona. Musanakwere, werengani ana mmodzimmodzi.